Machapa a pakati pa Tete ndi Angónia kwa woyenda ndi chikwama kumsana

Munthu amene akufuna kuchoka mumzinda wa Tete kupita kumapiri a ku Angónia m'dziko la Mozambique, koma alibe galimoto yakeyake ndipo ndalama zake ndi zowerengeka, amadalira chapa, yomwe ndi minibasi yonyamula anthu, kenaka njinga yamoto imene imamufikitsa patsinde pa phiri. Ndakhala ndikuyenda njira imeneyi ndi chikwama chachikulu kumsana, ndipo maganizo anga ndi akuti machapa amenewa amagwira ntchito yaikulu pamtengo umene munthu wamba angaukwanitse, ngakhale kuti pali zinthu ziwiri zimene sindikhutira nazo ngakhale pang'ono, zomwe ndi kalipiritsidwe ka katundu ndi kusasamala za chitetezo cha okwera njinga zamoto.

Kuchoka ku Tete kukafika ku Ulongué, likulu la boma la Angónia, pali mtunda wa makilomita pafupifupi 230. Chapa imawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, imadutsa ku Matundo, imawoloka mtsinje wa Revúbuè ndi kulowa m'tauni ya malasha ya Moatize, ndipo imatsata msewu wa N7 wopita kumalire a Zóbuè mpaka pa Mussacama, pomwe imakhotera kumpoto mumsewu wa N304. Mtunda wokhawo sufotokoza bwino ulendowu. Mzinda wa Tete uli m'chigwa, pamalo osafika ngakhale mamita 200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe Ulongué ili pamwamba kuposa mamita 1,200, ndipo phiri la Dómuè, limene oyenda ambiri amalifuna, limapitirira pang'ono mamita 2,000. Choncho munthu amalipira ulendo umodzi koma amadutsa m'nyengo ziwiri zosiyana kwambiri tsiku lomwelo.

Chapa ilibe nthawi yoikika yonyamukira, imanyamuka ikadzaza. Amene wafika pokwerera m'bandakucha amapeza anthu ambiri ndipo galimoto imadzaza msanga, koma wofika dzuwa litakwera akhoza kukhala m'galimoto yoima kwa nthawi yaitali, m'kutentha kwa ku Tete kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40. Ine sindiwaimba mlandu eni machapa pa zimenezi, chifukwa mtengo umatsika kaamba koti mipando yonse yalipiridwa, ndipo galimoto yonyamuka yopanda anthu ikanafuna kuti ochepa okwerawo alipire mafuta onse. Chimene ndimadana nacho ndi khalidwe la anyamata ena oitanira amene amakulanda chikwama m'manja usanavomere, n'kukachiponya m'galimoto imene ili ndi anthu atatu okha, kwinaku akukuuza kuti "tikunyamuka pompano, achimwene." Ndi bwino kugwira chikwama chako mwamphamvu, kusuzumira m'galimoto iliyonse, ndi kukwera imene yatsala pang'ono kudzaza.

Nkhani ya chikwama ndiyo imafunika kuikambirana mofatsa, pakuti ndi pamene woyenda m'mapiri amasiyana ndi okwera ena. Chikwama chokhala ndi tenti, chofunda, kapoto ndi chakudya cha masiku angapo chimatenga malo ofanana ndi a munthu, ndipo kobrador, yemwe ndi kondakitala wa chapa, amadziwa zimenezi. Mtengo wa mpando umadziwika ndipo aliyense amalipira mofanana, koma wa katundu sulembedwa paliponse, kotero umadalira mmene kobrador wakuonera. Ndaonapo mayi wonyamula thumba lalikulu la nsomba zouma akulipira ndalama yochepa, pomwe wa chikwama chooneka chachilendo, chopepuka kuposa thumbalo, akuuzidwa mtengo woyandikira wa mpando wathunthu. Kumeneku si kuchita chilungamo, ndipo kumabweza m'mbuyo ana asukulu ndi achinyamata amene akungoyamba kukonda zoyenda m'mapiri a kwawo. Komabe ndiyenera kunena kuti makobrador ambiri amamva ukawalankhula mwaulemu. Ukati, "Achimwene, tiyeni tigwirizane za katunduyu tisananyamuke," kawirikawiri amatsitsa, ndipo mukagwirizana sasinthanso panjira. Vuto limabwera kwa amene wakhala chete mpaka pofika, chifukwa pamenepo mphamvu yonse ili kwa amene wagwira chitseko cha kumbuyo.

Malo oika chikwamacho ndi nkhani inanso. Kuseri kwa mpando womaliza kuli kampata kochepa, ndipo chitseko chimamangidwa ndi chingwe katundu akachuluka, moti fumbi limalowa ndipo malamba a chikwama amatha kupanikizika n'kuthyoka zomangira zake. Machapa ena amakoka kangolo kumbuyo, ndipo m'menemo chikwama chimagona pamodzi ndi zigubu za mafuta ophikira, matumba a simenti ndi nsomba. Njira imene ndaipeza yothandiza ndi yotsika mtengo ndiyo kulowetsa chikwama chonse m'thumba lopanda kanthu la feteleza kapena la chimanga, lochapidwa bwino, n'kumanga kukamwa kwake. Malamba amatetezeka, fumbi ndi mafuta sizifika pa nsalu, ndipo chikwamacho chimaoneka ngati katundu wina aliyense, zomwe zimachepetsanso mkangano wa mtengo. Ndalama, foni ndi ziphaso zikhale m'kachikwama kakang'ono pamiyendo.

Za mipando sindichulutsa mawu. Mzere wa anthu atatu umakhala anthu anayi, ndipo wamiyendo yaitali apemphe mpando wakutsogolo kapena wapafupi ndi zenera. Msewu wa N7 umadutsa malole ambiri opita ku Malawi, ndipo ngakhale kuti mlatho wina wa pa Zambezi wotchedwa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, unachotsa magalimoto olemera pakati pa mzinda, kupitirira Moatize chapa imayendabe nawo limodzi. Madalaivala ambiri amene ndakwera nawo amaidziwa njirayi bwino ndipo amadikira malo oonekera asanapitirire lole, koma alipo ena amene amathamangira kubwerera tsiku lomwelo, ndipo okwera sayenera kuchita manyazi kunena kuti "a dalaivala, chepetsani liwiro." Apolisi amaimitsa magalimoto m'malo angapo, choncho chiphaso chaunzika kapena pasipoti zisakhale pansi pa chikwama chimene chamangidwa m'kangolo.

Gawo limene limabweza ndalama ya munthu ndi lochokera pa Mussacama. Milambe ndi tchire louma la m'chigwa zimatsala kumbuyo, msewu umayamba kukwera, ndipo pang'onopang'ono kumaoneka minda ya chimanga, nyemba, soya ndi mbatata ya kachewere, mitengo ya bulugamu m'mphepete mwa midzi, ndi mapiri a ku Tsangano kumene kumalimidwanso tirigu chifukwa cha kuzizira. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, ndiye amene wanyamuka ku Tete atavala malaya opepuka amafika ku Ulongué madzulo a mwezi wa Juni kapena Julaye akunjenjemera. Juzi ikhale m'manja pokwera, pakuti kobrador sangamasule katundu yense pakati pa njira kuti munthu mmodzi atulutse chovala. Pamalo oima, amayi ogulitsa nthochi, chimanga chootcha, mazira ophika ndi mtedza amafika pazenera, ndipo zakudya zimenezi n'zokwanira kwa woyenda mosunga ndalama. Madzi okha ndi amene ndi bwino kunyamuliratu.

Ku Ulongué kuli nyumba zogona alendo za mitengo yosiyanasiyana ndiponso msika umene munthu angagulepo ufa, nyemba, kabichi, tomato ndi mbatata motchipa kuposa ku Tete, motero palibe chifukwa chosenza chakudya chonse kuchokera kumzinda n'kulipiranso katundu wolemera. Kuchokera pamenepo kupita ku Dómuè kumapezeka magalimoto ena, ena mwa iwo otsegula kumbuyo, koma akangotsitsa munthu pamsika wa ku Dómuè, ulendo wopita kumidzi ya patsinde pa phiri umatsala m'manja mwa anyamata a njinga zamoto.

Anyamata amenewa ndimawayamikira ndiponso ndimawadandaula. Amadziwa kanjira kalikonse, amadziwa mudzi umene uli ndi chitsime, ndipo amafika kumene galimoto singafike, pamtengo umene mumagwirizana musananyamuke. Koma ambiri alibe chisoti choteteza mutu cha wokwera, ndipo ena alibe ngakhale chawo. Kwa munthu wa chikwama cholemera ngoziyo imakula, chifukwa akachibereka kumsana ali pampando wakumbuyo, njinga ikayamba kukwera chitunda kulemera konse kumamukokera chagada. Chikwama chiyenera kumangidwa ndi mphira pachitsulo cha kumbuyo, kapena kuikidwa patsogolo pa woyendetsa ngati chili chaching'ono, ndipo ngati muli awiri ndi zikwama ziwiri, tengani njinga ziwiri ngakhale mnyamatayo atanena kuti nonse mukwana. Ndalama imene mungapulumutse pokwera atatu pa njinga imodzi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mwendo wothyoka kumalo kumene chipatala chili kutali. Ndimakhulupirira kuti akuluakulu a boma la Angónia ndi magulu a oyendetsa njinga akanaika lamulo la chisoti chachiwiri n'kulitsatira, ntchito imeneyi ikanakhala yosadandaulitsa.

Ubwino wina wa oyendetsa njingawa, umene sulowa mumtengo, ndi woti amakufikitsa kwa amfumu. Phiri lili ndi eni ake, ndipo m'mphepete mwake muli minda, manda ndi madambwe a Gule Wamkulu kumene mlendo sayenera kulowa mwachisawawa. Woyendetsa njinga wabwino amaima pabwalo, amakuperekeza kukapereka moni, ndipo ukafotokoza kuti, "Amfumu, tabwera kudzaona phiri lanu, tikupempha mutiloze njira," amfumuwo amakupatsa munthu wa m'mudzimo wokutsogolera, nthawi zinanso ndi malo okhomapo tenti pafupi ndi nyumba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pano mawuwa ndi oona, chifukwa tinjira ta m'phiri n'tambiri, tina n'ta otola nkhuni ndipo timangothera pathanthwe. Wotsogolerayo alipidwe moyenera, pakuti wasiya munda wake tsiku lonse, ndipo kusunga ndalama paulendo sikutanthauza kumana munthu amene wakusunga.

Ena amaopa matenda obwera chifukwa chokwera pamwamba kwambiri, koma amenewa amayamba kuvutitsa anthu ambiri kupitirira mamita 2,500, ndipo Dómuè safika pamenepo. Ngakhale phiri la Binga ku Manica, lalitali kuposa onse m'dziko la Mozambique, ndi la mamita 2,436. Zoyenera kuopa kuno ndi kuzizira kwa usiku, nkhungu imene imabisa njira, ndi mphezi za nthawi ya dzinja. Nyengo imakhudzanso machapa enieniwo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu yafumbi imasanduka matope, njinga zimaterereka ndipo mitengo yake imakwera, ndipo ngakhale msewu waukulu sukhala wodalirika kotheratu, monga tinaonera mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anagumula mlatho wa pa Revúbuè n'kudula njira pakati pa Tete ndi Moatize. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mvula yatha koma utsi wa moto wa tchire usanaphimbe mapiri.

Pa kalipiridwe, ndalama zogwirika ndizo zimagwira ntchito paliponse. Mapepala a mametikali 20, 50 ndi 100 amathandiza kwambiri, chifukwa ukapereka la 1,000 m'mamawa, kobrador amakuuza kuti chenji ubwezeredwa kutsogolo, ndipo umayenda ulendo wonse ukumukumbutsa. Oyendetsa njinga ambiri amalandira ndalama za pafoni kudzera pa e-Mola kapena M-Pesa, ndipo n'kofunika kutenga nambala ya amene wakusiya patsinde pa phiri kuti adzakutenge potsika, komanso kugwirizana tsiku ndi ola pamaso m'pamaso popeza netiweki imasowa m'zigwa zina. Amene akufuna kupitiriza ulendo akhoza kukwera chapa ina kuchokera ku Ulongué kupita kumalire a Calomue n'kuwolokera ku Dedza, kumene kulinso phiri lokwereka tsiku limodzi, ndipo pafupi ndi malire makwacha amasinthidwa mosavuta, ngakhale kuti ndi bwino kufunsa mtengo kwa anthu angapo musanasinthe.

Machapa amenewa ndi oyenera munthu amene ali ndi nthawi yokwanira, wa katundu wosapitirira chikwama chimodzi, ndiponso wokonzeka kukambirana mtengo mwaulemu. Banja la ana aang'ono kapena gulu lalikulu la katundu wambiri lingachite bwino kusonkha ndalama n'kubwereka galimoto yonse. Pobwerera, machapa ochokera ku Ulongué amadzaza msanga m'mamawa, ndipo amene watsika m'phiri masana agone m'tauni n'kunyamuka tsiku lotsatira, chifukwa galimoto yonyamuka madzulo imafika pa N7 kutada, nthawi imene malole amachuluka ndipo maenje a mumsewu saoneka.