Mercedes-Benz 170 V yokonzedwa ku Luchenza: matabwa ndi injini zatheka, mawaya abwerezedwe

Galaja ina ku Luchenza yatsiriza kudzutsa Mercedes-Benz 170 V ya 1938, ija ya denga la lona lopindika yomwe amaitcha roadster. Ntchito yaikulu aigwira bwino kwambiri, makamaka pomwe maso safika. Pomwe alakwitsa ndi pa zinthu zosavuta, ndipo n'zimene zikupweteka mtima.

Galimoto ya mtundu umenewu inaonetsedwa koyamba ku Berlin mu February 1936. Injini yake, M136, ili ndi masilinda anayi, ndi ya 1697 cc, mavavu ali m'mbali osati pamwamba, ndipo mphamvu yake ndi mahatchi 38 basi. Itatsegulidwa yonse imafika makilomita 108 pa ola. Chasisi ndi mapaipi awiri opingasana ngati X, ndipo thupi ndi malata okhomeredwa pa mafupa a matabwa. Matabwa amenewa ndiwo amapha galimoto zotere kuno kwathu.

Ku Germany ankagwiritsa ntchito mtengo wa ash. Ukakhala zaka zambiri m'chinyontho cha ku Thyolo, chiperoni chikuwomba masiku atatu osaleka, umafumbwa kuyambira pansi pa zitseko, chiswe n'kudzamaliza zotsala. Chizindikiro chake n'chakuti chitseko chimagwa mphuno: mukachitsegula chimatsika pang'ono, ndipo potseka mpaka muchinyamule. Apa akalipentala a galajayi sanachite zachidule. Anavula malata onse, najambula thabwa lililonse pa katoni lisanaphwanyike, n'kusema latsopano pa mlombwa wouma bwino. Mlombwa supindika ngati ash, koma chiswe sichiukonda komanso sufufuma ndi mvula. Molumikiza monse anagwiritsa ntchito guluu wosalowa madzi ndi masikuluwu a mkuwa, osati misomali. Gwirani chitseko chotsegula n'kuchigwedeza m'mwamba ndi pansi: sichisuntha. Mpata wa pakati pa chitseko ndi thupi ndi wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, mbali zonse ziwiri. Wina akadzakuuzani kuti bulugamu angathenso ntchito imeneyi, mukanireni, chifukwa amapotoka akamauma n'kukoka malata. Za mkungudza wa m'phiri la Mulanje musaziganizire n'komwe; mtengowo watsala pang'ono kutha ndipo kuudula n'koletsedwa.

Chachiwiri chomwe achita bwino ndi mafuta a m'mfundo za kunsi. Galimotoyi ili ndi kapampu kopondera ndi phazi kamene kamatumiza oyilo kudzera m'timapaipi tating'ono kupita ku makingipini (zitsulo zomwe matayala akutsogolo amakhoterapo) ndi mfundo zina zoyenda. Amakaniko ambiri osaidziwa amathiramo girizi. Girizi amauma m'timapaipimo, n'kutseka njira, ndipo kingipini imadyeka mwakachetechete mpaka chiwongolero chiyambe kunjenjemera. Iwowa anasintha timapaipi tonse ndi kubwezeretsa oyilo. Mukaponda kapampuko galimoto itaima, pakapita kanthawi mumaona timadontho pansi mbali zonse zinayi. Kumeneko si kudontha kwa vuto, ndi umboni wakuti njira zonse n'zotsegula.

Injini ikulira mofatsa, yopanda utsi wabuluu ngakhale m'mawa kukuzizira. Redieta anaiika mkati mwatsopano, ndipo pokwera kuchokera ku Luchenza kupita ku boma la Thyolo madzi sawira. Musayembekeze liwiro: pamtunda wautali mudzatsikira giya yachiwiri, ma minibasi akukudutsani. Giya yoyamba ndi yachiwiri zilibe synchromesh, kachipangizo kothandiza giya kulowa mosakukuta, choncho potsitsa pondani kilachi kawiri ndi kupatsako moto pang'ono pakati, apo ayi mano akukutika. Anakumbukiranso kuti petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol, yemwe amadya mphira zakale, ndiye mapaipi a mafuta ndi magasiketi a m'kabureta ya Solex ndi a mtundu wopirira. Galimoto ikakhala mwezi osayenda, khetsani petulo wa m'kabureta, chifukwa ethanol amakoka madzi ndipo pansi pake pamachita zoyera ngati phulusa.

Tsono mawaya. Magetsi a galimotoyi ndi a mavoti 6, osati 12. Kuti sitata izungulire pa mavoti ochepa chotero imafuna mphamvu yochuluka kuwirikiza kawiri, ndiye zingwe za ku batire ziyenera kukhala zonenepa kwambiri, pafupifupi ngati chala. Pano aika zingwe zopyapyala za galimoto zamakono. Zotsatira zake, injini ikatentha sitata imachita kukoka ngati batire latha, ndipo mukagwira chingwecho chimakhala chofunda. Waya wa earth, wolumikiza batire ku chitsulo cha galimoto, nawonso aumangirira pa chasisi pomwe pali penti, osapala kuti chitsulo chionekere. N'chifukwa chake nyali zakutsogolo zikuwala mofiira ngati koloboyi. Ndi ntchito ya tsiku limodzi kukonza, koma mwini galimoto asailandire isanakonzedwe, ndipo asavomere akamuuza kuti njira yake ndi kusinthira ku mavoti 12.

Penti yakuda ndi yosalala, ingoti yanyezimira mopyola momwe galimoto za nthawi imeneyo zinkaonekera. Chodandaulitsa chili pa madigadi yakumbuyo kumanzere: maginito okutidwa m'kansalu amagwira paliponse, koma pamenepo amagwa. Ndiye kuti pali filler (phala lomatira malata) wochindikala m'malo mwa lata lowotcherera, ndipo mvula ya ku Mulanje ikagwa nyengo ziwiri padzatuluka matuza. Mipando ndi ya chikopa chenicheni, yosokedwa mwaluso. Lona akulowetsa madzi pa ngodya yokumana ndi galasi lakutsogolo.

Mabuleki ndi a dramu, oyendera mafuta kumatayala onse anayi, ndipo akugwira mofanana osakokera mbali. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, choncho kuno asinthidwe chaka ndi chaka. Poyendetsa m'makona a m'minda ya tiyi, chepetsani liwiro musanalowe, osati muli pakati. Ekiselo yakumbuyo ndi yogawika pawiri, tayala lililonse limakwera ndi kutsika palokha, ndipo mukaponda buleki pakona lakunja limapindikira mkati, matako a galimoto n'kuterereka. Chiwongolero cha imeneyi chili kumanzere, ndiye kupitirira thirakitala yonyamula masamba a tiyi kumafuna wokhala pambali akuonereni kutsogolo.

Amene ali ndi galimoto yakale ya mafupa a matabwa angathe kuipereka kwa akuluakulu amenewa mtima uli m'malo. Mugwirizane kaye polemba kuti malata odyeka ndi dzimbiri adulidwa ndi kuwotcherera, mupemphe kuona thupi lisanapakidwe penti, ndipo zingwe za batire mukagule nokha kwa ogulitsa zipangizo za malole ku Limbe.