Monsal kapena Tissington: mukapalase njinga kuti?

Ku Peak District, m'dera la Derbyshire ku England, kuli njira zomwe kale munkadutsa sitima. Njanji anazula, pamene panali njanjipo n'kusiyira apanjinga, oyenda pansi ndi okwera akavalo. Galimoto sizilowamo. Anzanga a ku Manchester ndi Sheffield mumandifunsa kawirikawiri kuti pakati pa Monsal Trail ndi Tissington Trail muyambire iti. Zonse ndapalasamo kangapo, ndipo sizifanana ngakhale pang'ono.

Monsal ndi yodyetsa maso. Ndi yaifupi, pafupifupi makilomita 14, kuchokera ku Bakewell mpaka ku Blackwell Mill. Njanji yake inamangidwa ndi kampani ya Midland Railway kuti ilumikize Manchester ndi London, ndipo munkadutsa sitima kuyambira 1863 mpaka 1968. Chimene chinaitchukitsa ndi mphanga zoboola mapiri. Zinayi zazitali, Headstone, Cressbrook, Litton ndi Chee Tor, zinali zotseka mpaka 2011, pamene anazikonza n'kuikamo magetsi. Kunja kukhoza kutentha, koma m'katimo mumazizira kuti zii, madzi akudontha kudenga. Magetsiwo ndi a masana okha, ndiye madzulo musalowemo opanda nyali. Mukachokera ku Bakewell, mumangotuluka m'mphanga ya Headstone n'kupezeka muli pamwamba pa mlatho, mtsinje wa Wye uli kutali pansi. Ana amakuwa dala m'mphangamo kuti amve mawu awo akubwerera. Akuluakulu nafe timakuwa, kungoti timayamba tacheuka kaye.

Vuto ndi loti ubwino umenewu aliyense akuudziwa. Loweruka ndi Lamulungu nyengo yotentha mumadzaza mabanja, agalu a zingwe zazitali, ana ongoyamba kupalasa amene amakhota osachenjeza. Chala chimakhalira pa belu ngati wakabaza tsiku la msika. Kupalasa kotero mutu supuma.

Tissington ilibe zodabwitsa zotere, ndipo n'chifukwa chake ndimaikonda. Ndi ya makilomita 21, kuchokera ku Ashbourne mpaka ku Parsley Hay. Njanji yake inatsegulidwa mu 1899, n'kusanduka njira ya njinga mu 1971, zaka 10 Monsal isanatsegulidwe. Mphanga ndi imodzi yokha, ku Ashbourne komweko. Kutsogoloko ndi msipu wa nkhosa, mipanda ya miyala yongosanja popanda simenti, ndi kanyumba kakale ka osintha njanji pa Hartington. Mukapatuka pang'ono mufika m'mudzi wa Tissington, kumene chaka ndi chaka, tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu, amakongoletsa zitsime ndi zithunzi za maluwa omata padongo. Anthu amachuluka pafupi ndi poimika galimoto. Mukapalasa theka la ola mumatsala ndi nkhosa zokha.

Koma njirayi ili ndi chitunda chobisika. Sitima sinkakwera malo otsetsereka kwambiri, ndiye maso amaona ngati ndi pathyathyathya, miyendo ndi imene imakuuzani zoona. Kuchokera ku Ashbourne mumakwera pang'onopang'ono mpaka ku Parsley Hay, mamita oposa 300 pamwamba pa nyanja, kumene mphepo iwomba popanda choitchinga. Ine ulendo woyamba ndinayambira kumtundako. Ndinatsetsereka ndikuimba nyimbo, pobwerera ndinalira nayo njinga. Yambirani ku Ashbourne, mukwere mphamvu zikadalipo, pobwerera njinga iziyenda yokha. Samalaninso mukangochoka ku Ashbourne: pamene anagwetsa mlatho pali chigwa chotsetsereka ndithu, mabuleki akhale abwino.

Za njinga musadandaule. Zobwereka zolipira zilipo ku Hassop Station ndi Blackwell Mill kwa a Monsal, ku Ashbourne ndi Parsley Hay kwa a Tissington. Pansi pa Tissington ndi miyala ya laimu yoperapera, mvula ikagwa imakuthimbiriritsani matope oyera kumsana, choncho malaya a kutchalitchi asiyeni. High Peak Trail, njira inanso yotere imene imakumana ndi Tissington ku Parsley Hay, ili ndi zitunda za kumbali ya Cromford zimene kale ankakokerapo ngolo ndi zingwe. Imeneyo si ya ulendo wachifatse.

Alendo akabwera ndi ana, kapena tikakhala ndi maola awiri okha, ndimawatengera ku Monsal m'kati mwa sabata, m'mamawa. Ndikakhala ndekha ndimalongedza mpunga ndi tiyi m'fulasiki, n'kulunjika ku Ashbourne.