Batocera pa kompyuta yakale ya i5: magemu a arcade akuyenda bwino, koma liwiro silinawonjezeke

Tikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Batocera ndi Linux yaulere yopangidwira magemu akale, ndipo taigwiritsa ntchito pa kakompyuta ka mu ofesi kokhala ndi purosesa ya Core i5-6500, RAM ya 8 GB, SSD, ndi Intel HD 530 yomwe ili mkati mwa purosesa momwemo. Makina otere Windows 11 imawakana chifukwa purosesa yake ndi ya m'badwo wa 6, pamene chithandizo cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. N'chifukwa chake ambiri okhala ndi makabati a arcade (mabokosi oima osewererapo magemu, okhala ndi sikirini ndi mabatani) akuganiza zosamukira ku Linux.

Amene mukusamuka poyembekezera kuti gemu yomwe inkatsimphina pa Windows iyamba kuthamanga, mukhumudwa. Mu MAME, yomwe ndi emulator (pulogalamu yotsanzira makina akale a arcade kuti magemu ake ayende pa kompyuta), ntchito yambiri imagwera core (gawo) imodzi ya purosesa, ndipo ngakhale zithunzi za 3D zimajambulidwa ndi purosesa, osati khadi la zithunzi. Purosesayo ndi yomwe ija, kaya ili pansi pa Windows kaya pa Linux. Mutha kutsimikiza nokha: mukadina F11 gemu ili mkati, MAME imaonetsa liwiro pakona ya sikirini, ndipo lamulo loti mame -bench 90 lotsatiridwa ndi dzina la gemu limayeza liwirolo popanda chithunzi kapena mawu. Yesani MAME ya nambala imodzimodzi mbali zonse ziwiri, mupeza kusiyana kochepa kosati n'kusamukira. Magemu a 2D a makina a arcade a CPS1, CPS2 ndi Neo Geo amakhala pa 100% osagwedera. Olemera a 3D omwe ankayendera tchipi cha zithunzi cha Voodoo, monga Gauntlet Legends, amatsika pakachuluka zinthu pa sikirini, mawu n'kuyamba kudukaduka. Mankhwala ake ndi purosesa yamphamvu, palibenso china.

Phindu lili kwina. Mukayatsa makina mumafikira pa mndandanda wa magemu mu EmulationStation, pulogalamu yosankhirapo magemu, ndipo zonse mumayendetsa ndi joystick. Palibe antivayirasi yofufuza mafayilo gemu ili pakati, palibe uthenga wotulukira pamwamba pa chithunzi n'kulanda mabatani. Pa kabati yopanda kiyibodi zimenezi n'zazikulu.

Kuika kwake n'kosavuta. Tsitsani fayilo ya x86_64, muilembe pa fulashi ya 16 GB kapena kuposerapo ndi balenaEtcher, kenako sankhani fulashiyo poyatsa kompyuta. Ikakana kudzuka, zimitsani Secure Boot mu BIOS. Ulendo woyamba imadzikonzera gawo lotchedwa SHARE pa malo onse otsala. Mutha kuiyesa choncho osakhudza Windows, ndipo tikulangiza kutero kaye. Mukaganiza zoiika pa disiki ya mkati, dziwani kuti imafufuta disiki yonse, si gawo limodzi lokha ayi.

Gawo la SHARE limakhala la ext4, kasungidwe ka mafayilo ka Linux komwe Windows siiwerenga. Ambiri amabaya fulashi pa kompyuta ina n'kumadabwa kuti foda ya magemu yapita kuti, ena mpaka kuvomera Windows ikawafunsa zofomata. Musavomere. Njira yabwino ndi ya netiweki: lembani \\BATOCERA\share pa kompyuta ya Windows, muona foda ya roms ndi ya bios. Kapena dinani F1 pa Batocera pomwepo, mukopere kuchokera pa disiki ina. Kusintha SHARE kukhala exFAT kumatheka, koma zinthu zodalira Wine (yoyendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux) zimayamba kuvuta, choncho sitikulimbikitsa.

Pamene anthu amagwera kwambiri ndi pa maromu (mafayilo a magemu, omwe amakhala mu zipi), ndipo mlandu amaupereka kwa Linux pachabe. Gemu mwaidina, sikirini yada kanthawi, mwabwerera pa mndandanda popanda uthenga uliwonse. Kawirikawiri vuto ndi loti zipi ya gemuyo sikugwirizana ndi emulator. MAME, yomwe Nicola Salmoria anaitulutsa koyamba mu 1997, imatuluka yatsopano pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo tchipi china chikawerengedwa bwino kuposa kale, zomwe zikufunika mu zipi zimasintha. Mu Batocera muli ma MAME angapo. Ya mame2003-plus inachokera pa MAME 0.78, kenako pali yatsopano, ndipo FinalBurn Neo, emulator ina, ili ndi mndandanda wakewake. Romu ya 0.78 mukaipatsa MAME yatsopano, mwayi woti iyende ndi wochepa. Tengani fayilo ya DAT (mndandanda wa zomwe zikufunika mu zipi iliyonse) ya emulator yomwe mwasankha, muyeze nayo maromu anu mu clrmamepro kapena RomVault musanakopere.

Zipi musamasule. Magemu a Neo Geo amafuna neogeo.zip yogwirizana ndi emulator yomweyo, a CPS2 pa MAME yatsopano amafuna qsound_hle.zip, ndipo omwe anali ndi hard disk, monga Killer Instinct, amafuna fayilo ya CHD (kope la hard disk ija) mu foda ya dzina lofanana ndi zipi. Ngati mukusankha magemu owerengeka okha, tengani seti ya non-merged, momwe zipi iliyonse imadziimira payokha. Mu seti ya split, gemu ya mtundu wachiwiri siyenda popanda zipi ya kholo lake, ndiye kuti gemu yomwe inachokerako. Batocera sibwera ndi maromu ogulitsidwa, ndipo ambiri mwa iwo akadali ndi eni ake. Poyesera chabe, tsamba la MAME limapereka ochepa omwe eni ake analoleza, monga Gridlee ndi Robby Roto.

Pa magemu omenyana ndi owomberana a 2D tasankha FinalBurn Neo, makamaka chifukwa cha run-ahead, njira yochepetsera kuchedwa kwa mabatani yomwe ili mu RetroArch, pulogalamu yomwe FinalBurn Neo imayenderamo. Felemu imodzi pa 60 Hz ndi 16.7 ms, ndipo magemu ambiri amachedwa felemu imodzi kapena ziwiri mwa iwo okha asanayankhe batani. Mukaika run-ahead pa 1, kuchedwa kwa felemu imodzi kumachoka ndipo dzanja limamva ndithu. Mukapitirira nambala yomwe gemuyo imachedwa, chithunzi chimayamba kudumpha. Imadyanso purosesa, popeza emulator ikuwerengera mafelemu owonjezera nthawi iliyonse, koma i5 iyi imakwanitsa pa CPS2 ndi Neo Geo. Threaded video ya mu RetroArch izimitseni, imawonjezera kuchedwa. Ndipo ngati mukusewerera pa TV osatsegula Game Mode, zonsezi mwagwira ntchito yachabe.

Pali kudodoma kwina komwe si kuchepa kwa mphamvu. Makina a arcade sankayendera 60 Hz yeniyeni: Neo Geo ndi pafupifupi 59.19 Hz, CPS2 59.64 Hz, Pac-Man 60.6 Hz, R-Type 55 Hz, Mortal Kombat 54.7 Hz. Omwe ali pafupi ndi 60 RetroArch imawakoka pang'ono kuti agwirizane ndi sikirini, osazindikirika. Koma Mortal Kombat pa sikirini ya 60 Hz imabwereza mafelemu ena, moti chithunzi chikamayenda cham'mbali chimachita ngati chikukodwa, F11 ikuonetsa 100%. Chothetsa ndi sikirini ya FreeSync (yomwe imasintha liwiro lake kuti ligwirizane ndi gemu) pamodzi ndi khadi loidziwa, zomwe HD 530 ilibe. A sikirini za CRT za 15 kHz ayang'ane GroovyArcade, Linux ina, ndiyo inapangidwira zimenezo. Za mashader (zopangitsa chithunzi kuoneka ngati cha sikirini yakale), crt-royale ndi yolemera pa HD 530 pa 1080p, pamene zfast imayenda mopepuka n'kumaonekabe bwino.

Magemu a makina a Naomi ndi Atomiswave amayenda bwino pa emulator ya Flycast chifukwa iyo imagwiritsa ntchito khadi la zithunzi. Makina a Model 3 ali ndi emulator ya Supermodel, ngakhale apa makina athuwa afika pothera mphamvu. Mabolodi a mabatani a USB otchipa aja amadziwika okha ngati gamepad, mumangosonyeza mabatani kamodzi. Mawu akasowa, pitani pa System Settings musankhe potulukira mawu poyenera, HDMI kapena jeki.

Nyenyezi yachisanu yatsalira pa zinthu ziwiri. TeknoParrot, yoyendetsa magemu atsopano a arcade omwe anapangidwa pa makina a PC monga Taito Type X, ndi ya Windows. Ngati kabati yanu yadalira imeneyo, musasamuke, kapena sungani Windows pa disiki ina. Mukatero koloko izisokonekera, poti Linux imasunga nthawi ya UTC mu BIOS pamene Windows imasunga ya kwanuko.

Chachiwiri ndi kukweza Batocera. Mtundu watsopano umabwera ndi MAME ndi FinalBurn Neo zatsopano, ndiye magemu ena omwe ankayenda dzulo amakana lero, chifukwa cha nkhani ya maromu ija. Musanavomere kukweza, werengani nambala ya MAME yomwe ikubwera, kopani foda za saves, bios ndi system pa disiki ina, ndipo mukonzeretu seti ya maromu yogwirizana nayo.