Cholembera ndi kiyibodi ya iPad: AppleCare+, inshuwalansi ya kusitolo, kapena kungoika ndalama pambali?

Pogula tabuleti ambirife timayang'ana mtengo wa pabokosi basi. Pakatha sabata, mwana akufuna cholembera chojambulira, inuyo mukufuna kiyibodi yolembera makalata a kuntchito, ndipo ndalama yatuluka kale kachiwiri. Kuno ku Britain, cholembera cha Apple Pencil Pro ndi £129, pamene kiyibodi ya Magic Keyboard ya tabuleti ya iPad Pro ndi £299 yaing'ono ndi £349 yaikulu. Ziwirizi pamodzi zikupitirira £400, ndalama yoposa mtengo wa iPad wamba yatsopano. Chodabwitsa n'chakuti pofunsa za waranti timafunsa za tabuleti yokha, pomwe zomwe zimagwa pansi kawirikawiri, zomwe zimathiridwa tiyi, zomwe zimapondedwa, ndi tizipangizo tapambali timeneti.

Ine ndinaphunzira izi mwana wanga wamkazi ali m'chaka chake chomaliza cha GCSE, mayeso a kusekondale kuno. Amakonda zojambulajambula, ndipo cholembera chake chinkakhala chomata pambali pa iPad ndi maginito. Tsiku lina akutsika basi, chikwama chinagunda chitseko, cholembera chija chinathothoka n'kugwera pa simenti chamutu. Kunja kwake sikunkaoneka kanthu, kungoti kansonga kanapindika pang'ono. Tinachotsa kansongako n'kuika kena, koma mzere ukumadukaduka pasikirini ngati bolopeni yotha inki. Kachitsulo kam'kati, komwe kansonga kamamangirirapo, ndi kamene kanali katakhota. Mwana misozi ili m'maso, ntchito yoti apereke kusukulu ili pafupi. Usiku umenewo ndinakhala pansi n'kuwerenga mapepala onse a waranti omwe ndinali ndisanawatsegulepo chigulireni.

Tiyambe ndi chomwe aliyense ali nacho osalipira kanthu. Apple imapereka waranti ya chaka chimodzi pa iPad, ndiponso pa cholembera ndi kiyibodi yake, chilichonse pachokha kuyambira tsiku lomwe chinagulidwa. Koma waranti imeneyi ndi ya zolakwika za kufakitale: batani lakana kugwira ntchito lokha, cholembera chasiya kulumikizana popanda chifukwa. Kugwa, kuthiridwa madzi, kupondedwa, zonsezo mulibe. Choncho cholembera cha mwana wanga, ngakhale chinali chisanathe chaka, waranti yaulereyo sikanachithandiza.

Apa ndi pamene AppleCare+, pulani yolipira ya Apple yoteteza chipangizo chikawonongeka mwangozi, imasiyana ndi njira zina, ndipo ndichedwapo chifukwa anthu ambiri amaigula osadziwa zomwe agula. AppleCare+ ya iPad simateteza tabuleti yokha. Imaphatikizanso Apple Pencil imodzi ndi kiyibodi imodzi ya Apple yogwirizana ndi iPad imeneyo, popanda kuwonjezera mtengo wa pamwezi kapena wa pachaka. Cholembera kapena kiyibodi ikawonongeka mwangozi, mumalipira kandalama kapadera ka £25 kuno, kapena $29 ku America, iwo n'kukukonzerani kapena kukupatsani china. Muyerekeze £25 ndi £349. Kale ankaika malire a ngozi ziwiri, koma kuyambira 2022 anachotsa malirewo, moti mutha kupita kangapo malinga ndi ngozi zomwe zakugwerani, bola mukulipira kandalama kaja ulendo uliwonse. Batire ikafooka n'kutsika pansi pa 80 peresenti ya mphamvu yake yoyamba, nayonso amaisamalira. Ife tinali titagula AppleCare+ poopa kusweka kwa sikirini, osadziwa kuti cholembera chili momwemo. Tinalipira £25, mwana n'kumaliza ntchito yake.

Koma pali zingwe zake, ndipo ndi pa zingwe zimenezi pomwe anthu amapunthwa. Choyamba, AppleCare+ muyenera kuigula pasanathe masiku 60 mutagula iPad. Masikuwa amawerengedwa pa tabuleti, osati pa cholembera. Kuno simungagulire cholembera chokha kapena kiyibodi yokha AppleCare+ yakeyake. Zimalowa mumthunzi wa iPad. Ngati iPad ilibe, nazonso zilibe. Chachiwiri, mawu akuti "ya Apple" ndi ofunika kuwamvetsa. Kiyibodi ya Logitech Combo Touch kapena cholembera cha Logitech Crayon, ngakhale mutazigula m'sitolo ya Apple momwemo, sizili m'gululi. Izo zimayendera waranti ya amene anazipanga. Chachitatu, kutaya cholembera si kuwonongeka. Chikatsalira m'basi kapena wina akachitola kusukulu, palibe choti mupite nacho kukaonetsa. Apple Pencil Pro, yomwe inatuluka mu 2024, ili ndi Find My yothandiza kuisaka ikasowa m'nyumba, koma zimenezo n'zokuthandizani kufunafuna, osati kukubwezerani. Zokandikakandika komanso kansonga kutha chifukwa cholembera kwambiri, zimenezonso ndi zanu. Tinsongato amagulitsa tinayi m'paketi.

Nanga "kuwonjezera" cholembera pa pulaniyo kumatheka bwanji ngati mwachigula mochedwa? Ili ndi funso lomwe abale amandifunsa kwambiri, makamaka omwe anagula iPad pa Khirisimasi, kiyibodi n'kudzagula atalandira malipiro a mwezi wina. Chomwe ine ndimachita n'chophweka. Ndimasunga lisiti la chipangizo chilichonse palokha, ndimalemba nambala ya serial ya cholembera ndi ya kiyibodi (cholembera chikalumikizidwa, nambala yake imaoneka mu Settings, pa General kenako About, komanso ili pabokosi), kenako ndimalankhula ndi a Apple Support kuti anditsimikizire kuti zipangizozo akuziona pansi pa pulani ya iPad yanga. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ndi bwino kuichita zinthu zili bwinobwino kusiyana n'kumasaka lisiti tsiku lomwe tiyi wathira kale pa mabatani. Bokosi musataye msanga. Manambala a pa cholembera penipeni ndi ang'onoang'ono moti maso a ena a ife sawaona.

Njira yachiwiri ndi inshuwalansi yomwe amakutsatsani pakauntala m'masitolo akuluakulu a zamagetsi, kapena ya makampani oteteza mafoni ndi makompyuta. Ubwino wake ulipo ndithu: ambiri amaphatikiza kubedwa, ena ngakhale kutaya, ndipo sasankha kuti chipangizocho ndi cha Apple kapena Samsung. Kwa munthu woyenda ndi tabuleti m'sitima tsiku ndi tsiku, amene mantha ake aakulu ndi wakuba, zimenezi n'zolemera. Vuto limabwera pa zipangizo zapambali. Mapulani otere amalembedwa poganizira chipangizo chachikulu, ndipo cholembera ndi kiyibodi amaziika m'kandime kakang'ono kumunsi. Ndinakhalapo ndi pulani ina yotere pa tabuleti yanga yakale. Kiyibodi itathiridwa madzi ndinaimba foni, mayi wina n'kundiwerengera ndime yomwe imati zipangizo zapambali amalipira pokhapokha zitawonongeka kapena kubedwa limodzi ndi tabuleti pa ngozi yomweyo. Tabuleti inali bwinobwino, ndiye nkhani inathera pomwepo. Sananame, zinalembedwadi, ine ndi amene sindinawerenge. Choncho musanasayine, funsani mafunso atatu awa ndipo yankho mulione lolembedwa: kodi cholembera chikawonongeka chokha mulipira? Malire a ndalama pa zipangizo zapambali ndi angati? Nanga ndalama yomwe ndimayamba ndalipira ndekha, ija amati excess, ndi zingati? Ngati excess ikuyandikira mtengo wa cholembera chatsopano, ndiye kuti cholemberacho sichinatetezedwe, ngakhale dzina lake lili papepala.

Chimodzimodzi ndi inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba. Ena amati, "Ine zonse zili pa inshuwalansi ya nyumba." Mwina n'zoona, koma onani ngati ikugwira katundu ali kunja kwa nyumba, ndipo kumbukirani kuti kudandaula za cholembera cha £129 kungakukwezereni mtengo wa chaka chamawa. Imeneyo ndi yabwino pa tsoka lalikulu, monga moto kapena kuthyoledwa nyumba.

Njira yachitatu anthu amaiiwala: lamulo la dziko lomwe mwagulako. Ku Britain, Consumer Rights Act ya 2015 imakupatsani masiku 30 obweza katundu wolakwika n'kulandira ndalama zanu zonse, ndipo vuto likaoneka m'miyezi 6 yoyamba, wogulitsa ndi amene ayenera kusonyeza kuti silinalipo pogula. Ku England ndi Wales mutha kudandaula mpaka zaka 6, ku Scotland zaka 5, ngakhale kuti miyezi 6 ija ikadutsa umboni umafunika kwa inu. Ngati munalipira ndi khadi la ngongole chinthu choposa £100, Section 75 ya Consumer Credit Act ya 1974 imachititsa kuti kampani ya khadiyo nayonso ikhale ndi udindo. Taonani apa: Pencil Pro ya £129 ikulowa, koma Apple Pencil ya USB-C ya £79 sikulowa. Kwa abale a ku Joni, Consumer Protection Act ya 2008 imapereka miyezi 6, ndipo wosankha pakati pa kukonzeredwa, kupatsidwa china kapena kubwezeredwa ndalama ndi wogula. Malamulo onsewa ndi amphamvu, ndipo amachititsa kuti waranti yowonjezera yomwe imangotalikitsa nthawi ya zolakwika za kufakitale, popanda ngozi, ikhale ya phindu lochepa. Koma lamulo silidziwa za mwana wotsika basi. Ngozi ndi yanu.

Kwa ogwiritsa ntchito Samsung masamu ake ndi ena. Matabuleti ambiri a Galaxy Tab S amabwera ndi S Pen m'bokosi momwemo, ndipo cholemberacho sichidalira batire kuti chilembe, chifukwa mphamvu chimaitenga ku sikirini. Kuyambira pa Tab S9, S Pen yake imapirira madzi ndi fumbi. Kugula ina kukasowa sikupweteka thumba ngati Pencil Pro. Pulani yawo yotetezera ngozi, Samsung Care+, ilipo m'mayiko angapo, koma mfundo zake zimalembedwa dziko ndi dziko, choncho ndime ya zipangizo zapambali muiwerenge ya dziko lanulo, musadalire zomwe mnzanu wa dziko lina wakuuzani. Kwa ine, pa Samsung nkhawa ndingaike pa sikirini ndi kiyibodi, osati pa cholembera.

Tsopano nkhani yomwe imandikhudza mtima, ya matabuleti omwe timatumiza kumudzi. Mchimwene wanga ku Lilongwe ndinamutumizira iPad ndi cholembera chake kuti azilembera ma pulani a ntchito yake ya zomangamanga. Poyamba ndinkafuna kumulipirira AppleCare+ kuti mtima ukhale m'malo. Nditaganiza bwino ndinasiya. Mu Africa monse mulibe sitolo ya Apple yeniyeni. Kuli ogulitsa ovomerezeka, monga iStore ku South Africa. Pulani yogulidwa kuno ndi inshuwalansi ya anthu okhala kuno, ndipo kuti cholembera chophwanyika chichoke ku Area 25 chifike poti chikonzedwe, chiyenera kudikira munthu wobwera pandege, kenako china chidikirenso wobwerera. Miyezi imatha. Kutumiza papositi zinthu zokhala ndi batire ya lithium nakonso kuli ndi malamulo ake ovuta. Pulani yomwe simungaifikire ndi ndalama yongotaya mwezi ndi mwezi.

Komanso chomwe chimapha Apple Pencil kumudzi nthawi zambiri si kugwa. Batire yake ndi yaing'ono kwambiri ndipo simasinthika payokha. Cholembera chikakhala m'dirowa miyezi ingapo osatchajidwa, batire imatha mpaka kukana kudzukanso. Kumalo komwe magetsi amazimazima, munthu amasunga moto wa tabuleti, cholembera n'kuchiika pambali, ndipo tsiku lochifuna amapeza chinafa kalekale. Mchimwene ndinamuuza kuti azichisiya chomata pa tabuleti nthawi zonse, ngakhale asakuchigwiritsa ntchito. Kiyibodi ndinamugulira wamba ya Bluetooth, yotchipa, yoti ikafa atha kupeza ina m'tauni tsiku lomwelo, ndi chikwama cholimba chokhala ndi kathumba kotsekera cholembera kuti chisamangodalira maginito. Ndalama yomwe ikanapita ku pulani ndimaiika pambali, ndipo pakatha zaka ziwiri imakhala yafika poti n'kuthandiza kugula cholembera china.

Ndiye ndikaziika pa sikelo, ndimaona motere. Ngati mukukhala dziko lomwe AppleCare+ imagulitsidwa, ndipo muli ndi Magic Keyboard pamodzi ndi Pencil, makamaka zili m'manja mwa mwana wasukulu, palibe pulani ina yomwe ndaiona yoposa imeneyi pa zipangizo zapambali, chifukwa imazitchula maina ndipo mtengo wa ngozi mumaudziwiratu. Ngati kiyibodi yanu ndi ya Logitech ndipo cholembera ndi cha £79 chija, phindu la AppleCare+ latsala pa tabuleti yokha, ndiye muiyeze pa sikirini basi. Ngati mantha anu ndi akuba, pitani ku inshuwalansi, koma ndi mafunso atatu aja m'manja. Ndipo ngati tabuleti ikukwera ndege kupita ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, gulani chikwama chabwino, tinsonga tapadera paketi imodzi, muikemo makope a malisiti, pulani muisiye kuno.

AppleCare+ ya mwana wanga ndinaipitiriza chaka chino, popeza wayamba maphunziro a zojambula kukoleji ndipo basi ndi yomwe ija. Cholembera chatsopanocho tsopano chimayenda m'kathumba ka zipi, ndipo lisiti lake ndinalijambula pafoni tsiku lomwe tinachilandira.