Amisiri akwathu, musanakwere basi ya ku Blantyre jambulani kaye ntchito zanu

Anyamata akwathu ku Ntcheu, makamaka inu mumandiimbira kufunsa ngati ntchito ya ukalipentala ikupezeka kuno, ikupezeka ndithu, anthu akumanga kwabasi ku Chileka, ku Lunzu, Machinjiri mpaka ku Chigumula uko. Chovuta nchoti kuno palibe akukudziwa. Kumudzi munthu akafuna wokhoma denga amangomulozera tchalitchi kapena nyumba ya aphunzitsi kuti anakhoma ndi mwana wa auje, basi ntchito wapeza. Kuno folomani amangoti tione zomwe unapangapo, ndiye iwe ukamalongosola pakamwa iyeyo watembenukira kale kwa mnzako amene watulutsa foni.

Ine chikundidyetsa kuno ndi potifoliyo yanga ya pa foni, kutanthauza zithunzi zoonetsa ntchito zomwe ndinagwirapo. Ntchito iliyonse ndimaijambula isanayambe, ili pakati komanso itatha, ndipo chithunzi chapakaticho ndi chimene chimagwira mtima kasitomala, pamene matabwa a denga ali poyera malata asanakwere, amaona yekha mmene ndalumikizira, ngati mizere yawongoka, ngati sindinabise thabwa lopindika. Chithunzi cha kabati yokongola yotha kale aliyense atha kuba pa Facebook ndipo mabwana akuno akudziwa zimenezo, nchifukwa chake pena ndimaimapo ineyo pa chithunzipo ndi tepi m'manja. Pansi pake ndimalemba malo, mwezi ndi chaka, komanso ngati matabwa anali paini, bulugamu kapena mbawa.

Anthu wamba ndimawatumizira katalogi ya pa WhatsApp Business, ndi yaulere ndipo imalola zinthu mpaka 500, munthu amangoona yekha zitseko, mabedi, siling'i osavutana. Ambiri amangodalira status koma ija pakatha maola 24 yafufutika, bwana wofuna makabati mwezi wamawa akaipeza kuti? Makampani a ku Makata ndi ku Ginnery Corner ndiye amafuna zamapepala, CV, satifiketi ya trade test kapena ya TEVETA, ndiye ndinakapangitsa sikani pa kafe ina ku Limbe nkuphatikiza zonse ndi zithunzi zochepa zabwino kwambiri mu PDF imodzi, osati kumutumizira munthu zithunzi mbwee foni yake mpaka kudzadza ayi. Ndipo zonsezi muzisunganso pa Google Drive, malo osungira zinthu pa intaneti, amapereka 15GB yaulere mukakhala ndi Gmail, chifukwa m'maminibasi akuno foni imasowa mthumba uli maso, ndaonapo mmisiri wabwinobwino akuyambiranso pachabe ntchito za zaka zambiri zitapita ndi foni.

Chinanso, m'nyumba ya munthu musamangojambula, pemphani kaye makamaka kuchipinda, ena safuna katundu wawo aziyenda pa intaneti ndipo sakulakwa.

Tsono chimene chimandiwawa ndi achikulire aluso akwathu amene akhoma madenga kuyambira ife tili ana, akafika kuno amalembedwa ngati othandizira, kumapatsira misomali mwana wadzulodzulo, chifukwa choti alibe choonetsa. Achimwene, inu mudakali komweko muli ndi mwayi, nyumba zonse munakhoma zija zilipo, zungulirani ndi njinga muzijambule, foni ngati ilibe kamera yabwino bwerekani ya aphunzitsi. Pitaninso kwa ahedi, kwa abusa kapena kwa amfumu akulembereni kalata yoti ntchito yakuti munagwira ndinu, asaine, adinde chidindo ndipo aikepo nambala yawo, kuno kalata yachidindo amaipatsa ulemu ndipo ena amaimbadi kufunsa. Pojambula pukutani kaye kamera ndi malaya, dzuwa likhale kumsana kwanu, chotsani zidutswa ndi mabigili pansipo. Zikakuvutani kupanga PDF nditumizireni zithunzizo pa WhatsApp ngati document kuti zisafe maonekedwe, ndikukonzerani Lamulungu ndikaweruka kutchalitchi.