Ka rauta ka MT7621: chipu chake n'chabwino, koma fimuweya yake ndinaitaya tsiku lachiwiri

Miyezi itatu yapitayi ndinagula ka rauta ka ma port asanu, kotchipa, kopanda dzina lomveka, cholinga chinali choti ndigawe netiweki ya mu ofesi mwathu ndi ma VLAN (magawo osiyana pa netiweki imodzi), antchito kwawo alendo kwawo. Pa katoni analemba kuti mkati muli MT7621 ya MediaTek ndipo apa sananame ayi, ma core awiri a MIPS pa 880 MHz, switch ya MT7530 yolumikiza ma port ili mkati momwemo, ma port onse gigabit. Pa hadiweya ndilibe nawo mlandu.

Koma fimuweya (pulogalamu yoyendetsa rauta) yomwe kanabwera nayo, abale inu. Kernel yake ya Linux, mtima wa fimuweyayo, ndi 3.10, yakalekale, driver ya switch ndi yawoyawo yomwe simungaipeze kwina kulikonse, ma port a LAN onse Linux imangowaona ngati chinthu chimodzi, ndiye ukafuna kudziwa kuti chingwe chazuka pa port iti uzichita kuwerama kuyang'ana timagetsi. Ndinawalembera ogulitsa kuti anditumizire source code poti kernel ili pa layisensi ya GPL ndipo akuyenera kupereka, anangoti tifunsa ku fakitale. Mpaka lero akufunsabe.

Ndiye ndinangoti basi ndiikemo ndekha OpenWrt, fimuweya yaulere ya Linux ya ma rauta. Mwayi wake ndi woti driver ya MT7530 ili kale mu kernel yeniyeni kuyambira 2017, fayilo yake ndi drivers/net/dsa/mt7530.c, ndipo OpenWrt inasamutsa ma rauta a MT7621 kuchoka pa swconfig, njira yakale yoyendetsera switch, kupita pa DSA mu version 21.02. Kwa amene simunaigwirepo DSA, nkhani yake ili chonchi: switch imamata ka tag ka ma byte 4 pa frame iliyonse yopita ku CPU kosonyeza port yomwe yachokera, kernel imawerenga ka tag kameneko n'kukupatsa lan1, lan2, wan, iliyonse payokha ngati kuti ndi makhadi osiyana. Ukatero ip link, ethtool, bridge vlan, zonse zimangogwira monga pa kompyuta wamba, palibenso zoloweza malamulo achilendo.

Ntchito yanga inali yongolemba device tree (DTS), fayilo youza kernel za hadiweya ya bolodi imeneyi, chifukwa driver payokha sidziwa kuti mawaya anawalumikiza bwanji. Kumveka ngati zazing'ono koma zinandidyera Loweruka lonse. Switch imayankha pa adiresi 31 ya MDIO (njira yomwe CPU imailamulira), port 6 ndiye yopita ku CPU, 0 mpaka 4 ndi zakunja zokhala ndi ma PHY ake (mbali yolankhula ndi chingwe), izi zonse zili kale mu mt7621.dtsi, iwe umangotsegula ma port omwe alipo n'kuwapatsa mayina. Ine ndinakopera mayina pa bolodi ina osayang'ana, osadziwa kuti kuno anasanja chobwerera, pomwe alemba WAN (polowera intaneti) pa pulasitiki ndi port 4 osati 0. Maola awiri ndikutukwana driver yosalakwa, dmesg, yoonetsa mauthenga a kernel, ikundiuza poyera kuti link yakwera pa lan4 ine osamva. Kenako MAC address (nambala yozindikirira rauta pa netiweki) nayo imasintha nthawi iliyonse ndikayatsa, mpaka nditapeza pomwe anaibisa mu partition ya factory. Langizo limodzi lokha, musayambe opanda chingwe cha serial, polumikiza pake (ma pin a UART) palipo pa bolodi koma muwotcherere nokha, ndipo yesani kaye initramfs, fimuweya yongoyenda mu RAM, poitumiza pa netiweki ndi TFTP musanalembe kalikonse mu flash, apo bii mutsala ndi rauta yakufa ngati njerwa.

Pano kakuyenda bwinobwino. Ma VLAN awiri aja akugwira, mafayilo a pakati pa makompyuta a mu VLAN imodzi amadutsa mu switch momwemo osavutitsa CPU, ndipo nditayatsa hardware flow offloading, yopeputsira CPU ntchito, NAT (kugawira makompyuta intaneti) nayo inapepuka kwambiri. Kamadya 12V basi, magetsi akazima ndimangokalumikiza ku batire, sikatentha kwenikweni ngakhale mu Okutobala. VPN yokha ndiye musayembekezere zodabwitsa, MIPS ya 880 MHz ndi yomweyo.

Nyenyezi? Bolodi ndaipatsa zinayi, fimuweya ndi ogulitsa imodzi, nayonso yachisoni. Ngati mumadziwa kumanga OpenWrt ndipo simuopa soldering iron tengani, mtengo wake ndi wabwino. Ngati mukufuna chongolumikiza n'kuiwala, onjezerani ndalama pang'ono mugule yomwe ili kale pa mndandanda wa OpenWrt, ya chipu chomwechi zilipo zambiri. Ka DTS kanga ndikufuna ndikakonze kaye mbali ya ma LED, imodzi ikumayaka mosemphana, kenako ndikatumize ngati patch.