Masamu pa sekondale: patitaimu ya Fomu 4, kugawa makalasi, kalabu, kapena kubwerera pomwe mwana anatsalira?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, msonkhano wa aphunzitsi sulephera kufika pa funso lija: ma 9 a masamu achuluka, titani? Njira zimene zimatchulidwa n'zodziwika kale, ndipo iliyonse ili ndi eni ake oiikira kumbuyo. Koma nthawi ndi mphamvu n'zochepa, makamaka pa CDSS pomwe mphunzitsi mmodzi amatha kusenza masamu kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Zonse sizingatheke, ndiye pafunika kusankha.

Tisanasankhe, tsegulani makope a ana a Fomu 1, aphunzitsi anzanga. Mupeza mwana amene wakhoza PSLCE n'kusankhidwa bwinobwino atalemba kuti 402 − 167 = 365. Sikuti walemba mwachisawawa ayi. Pa mzere uliwonse akuchotsa nambala yaing'ono ku yaikulu: 2 ku 7, 0 ku 6, 1 ku 4. Kubwereka sanakumvetse ali Sitandade 3, ndipo palibe anaona. Mnzake walemba kuti 1/2 + 1/3 = 2/5, waphatikiza zam'mwamba pazokha, zam'munsi pazokha. Wina akulimbikira kuti 0.25 imaposa 0.3 poti 25 ndi wamkulu kuposa 3. Ana amenewa ndi omwe timawalembera algebra pabolodi sabata yachitatu, ndipo pofika teremu yachiwiri amakhala atagamula kale kuti masamu si awo. Choncho njira iliyonse tiifunse mafunso awiri: kodi ikukonza zimene zili m'kopemo? Nanga mwana akatulukamo, masamu amawaona bwanji?

Njira yotchuka kwambiri ndi makalasi owonjezera a Fomu 4: m'mamawa, Loweruka, patchuthi, mulu wa mapepala a mayeso akale a MANEB patebulo. Ubwino wake ulipo, tisaunyoze. Mwana amene amapeza 7 kapena 8 akazolowera kafunsidwe ka mafunso, kugawa nthawi, ndi kulemba masitepe onse, akhoza kufika pa 6 kapena 5. Kwa iyeyo ndi nkhani yaikulu, chifukwa maphunziro ambiri m'mayunivesite a MUBAS, MUST, LUANAR ndi KUHeS amafuna credit ya masamu. Koma kwa mwana wa 365 uja, kumupatsa quadratic equation ka makumi awiri kuli ngati kuthira feteleza chimanga chitatulutsa kale ngayaye. Amaloweza njira, funso likangotembenuzidwa pang'ono amasowa pogwira. Ndipo patitaimu ikakhala yolipira, amene amabwera ndi ana omwe makolo awo ali ndi kangachepe, pamene osowa thandizo kwenikweni ali kudimba kapena kumsika. Pa nkhani ya mtima, njirayi imaphunzitsa ana kuti masamu ndi chopinga chongofunika kuchilumpha. Chimodzimodzinso kuthamangathamanga kwa Fomu 2, kumene kunabwerera pomwe mayeso a JCE anayambanso mu 2021.

Yachiwiri ndi kugawa ana malinga ndi makhozedwe: anzeru ku 1A, apakati ku 1B, otsalawo ku 1C. Pano ofufuza sananene chimodzi, ndipo kusiyana kwakeko n'kophunzitsa. Ku Kenya, Esther Duflo, Pascaline Dupas ndi Michael Kremer anayesa kugawa motere ana a kalasi yoyamba ya pulayimale m'sukulu za kumadzulo kwa dzikolo, ndipo anapeza kuti onse anapindula, ngakhale a gulu lotsika, chifukwa mphunzitsi ankatha kuphunzitsa molingana ndi pomwe ana ali. Ku England, bungwe la Education Endowment Foundation litaunika kafukufuku wambiri linapeza kuti kugawa makalasi sikukweza kwenikweni makhozedwe a sukulu yonse, ndipo ana otsalira ndiwo amavulala. Ndiye nkhani yagona pa zimene zimachitika mukagawa. Kwathu kuno tikudziwa zomwe zimachitikira 1C. Mphunzitsi waluso amapita ku A. Ku C kumapita amene masamu si phunziro lake, wangopemphedwa kuti athandize. Silabasi ndi yomweyo, liwiro ndi lomwelo, chasintha n'chakuti tsopano anawo ali ndi dzina. Mwana akalowa C mu Fomu 1 nthawi zambiri amatulukira C yemweyo mu Fomu 4, ndipo amayamba kujomba piriyodi ya masamu popanda womufunsa. Pa njira zonsezi, iyi ndiyo imandiopsa, chifukwa siwononga ndalama, imaoneka yadongosolo, koma imapha mtima wa mwana mwakachetechete.

Kalabu ya masamu ndi mipikisano sindichedwapo. N'zabwino, zimapatsa ana aluso chonyadira, ndipo mtsikana akapambana mpikisano pamaso pa sukulu yonse bodza lija loti masamu ndi a anyamata limachepa mphamvu. Koma amene amalowa kalabu ndi okonda masamu kale. Muikhazikitse ngati pali mphunzitsi wodzipereka, musaiwerengere ngati mankhwala a sukulu yonse.

Matabuleti ndi mafoni nawonso amatchulidwa. Mapulogalamu abwino amayesa mwana n'kumupatsa ntchito yomuyenera, ndipo boma kudzera mu pulogalamu ya BEFIT likuika matabuleti m'sukulu za pulayimale kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Ku sekondale ya kumudzi funso ndi la magetsi, chitetezo cha zipangizo, ndi amene adzakonze zikawonongeka. Sukulu imene ili nazo izigwiritse ntchito. Imene ilibe isakhale chodikira.

Njira imene ndikuikira kumbuyo ndi yosaoneka bwino pamaso: kuyesa mwana aliyense wa Fomu 1 akangofika, n'kumubwezera pomwe anatsalira. Maganizo amenewa anatchuka ndi bungwe la Pratham ku India, m'njira yotchedwa Teaching at the Right Level. Anzathu a ku Zambia anaiyamba mu 2016 pansi pa dzina lakuti Catch Up, kwa ana a Giredi 3 mpaka 5, ndipo chigawo cha Kummawa, kwa Chipata ndi Katete, chinali m'gulu la zigawo zoyambirira. Umboni wake wamphamvu ndi wa ku pulayimale, koma mabowo omwe tikuwaona mu Fomu 1 ndi a ku pulayimale omwewo.

Kusiyana kwake ndi kugawa makalasi kuja n'kotani? Mwana sachoka m'kalasi mwake. Silabasi amaphunzira limodzi ndi anzake onse. Koma kawiri kapena katatu pa sabata, kwa piriyodi imodzi ya mphindi 40, ana amakhala m'magulu malinga ndi chimene chikuwavuta: awa kuchotsera kobwereka, awa matebulo ndi kugawa, awa mafulakishoni ndi madesimo, awa manambala a negative. Gulu silitchedwa A kapena C, limatchedwa ndi ntchito yake. Pakatha masabata angapo mumayesanso, amene wamvetsa amasamukira gulu lina. Mwana amaona yekha kuti akusuntha.

Taonani momwe zimakhalira ndi mwana wa 365 uja. Musamuuze kuti walakwa. Mufunseni kuti ali ndi K402, wagula chinthu cha K167, kodi chenji chingakhale K365? Amaseka, chifukwa pamsika sangapusitsidwe choncho. Kenako mitolo ya timitengo khumikhumi, amasule mtolo umodzi ndi manja ake, aone chimene kubwereka kumatanthauza, apeze 235 yekha. M'gulu laling'ono lotere mphunzitsi akhoza kufotokoza m'Chichewa kapena chiyankhulo cha m'deralo kaye, Chingerezi chibwere pambuyo. Mtima wa mwana pa masamu umasinthira pamenepa, pamene wapeza yankho lolondola ndipo akudziwa chifukwa chake. Malangizo a pa asembule oti "masamu ndi ophweka, muzilimbikira" safika pamenepo.

Mtengo wake ulipo. Mapiriyodi amenewa ayenera kuchokera penapake, ndipo mphunzitsi amene akuthamangitsana ndi silabasi adzadandaula, mwinanso moyenera. Pamafunika manja ambiri: aphunzitsi a sayansi, ana a Fomu 3 okhoza bwino, magulu a study circle amene alipo kale m'sukulu zambiri. Ana a Fomu 3 aja asamangosiyidwa okha ayi, chifukwa amathamangira kupereka yankho m'malo mofunsa mnzawo kuti waganiza bwanji. Chovuta china n'chakuti phindu silioneka pa zotsatira za chaka chino. Ahedi amene akufunsidwa ndi makolo komanso a ku divishoni ayenera kulimba mtima kudikira mpaka anawo adzalembe JCE.

Njirayi imayenda bwino ikagwirizana ndi ina: aphunzitsi a maphunziro onse kuvomera kuti masamu ndi awonso. Wa Agriculture akamaphunzitsa kubzala chimanga pa mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, asangolemba kuti hekitala imalowa mbewu pafupifupi 53,333. Ana asinthe okha masentimita kukhala mamita, agawe 10,000 ndi 0.1875. Thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitrojeni 46 peresenti, ana apeze okha makilogalamu 23. Wa Geography pa mapu a 1:50,000 awayezetse ndi rula mpaka aone kuti masentimita awiri ndi kilomita imodzi. Wa Business Studies atenge ngongole ya banki mkhonde, awerengetse chiwongoladzanja cha miyezi itatu. Payokha njira yolowetsa masamu m'maphunziro enayi ndi yofooka, imathera pa mapepala omata pakhoma. Imagwira ntchito aphunzitsi akakhala pansi n'kugwirizana njira imodzi yopezera peresenti, imodzi yosinthira fomula, imodzi yojambulira girafu, kuti mwana asamve zitatu zosiyana tsiku limodzi. Amene anapitako ku maphunziro a SMASSE, osula aphunzitsi a masamu ndi sayansi, omwe anafika kuno mu 2004 mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, ndiwo oyenera kutsogolera zokambirana zoterezi. Ndipo pamsonkhano womwewo pagwirizanidwe kuti mphunzitsi asamanene pamaso pa ana kuti "inenso masamu ankandikanika", komanso kuti kuwerenga malikisi mokweza kuyambira wotsiriza kuthe.

Patitaimu ya Fomu 4 isathetsedwe, ana amene ali kale kumeneko sitingawataye. Koma ichepe, ikhale yaulere, ndipo nayonso iyambe ndi kuyesa kuti mudziwe amene akufunika mapepala akale ndi amene akufunika mafulakishoni. Mphunzitsi wanu waluso kwambiri muikeni ku Fomu 1. Mayeso oyambira asapitirire mafunso 20, alembedwe sabata yoyamba ya teremu yoyamba, popanda malikisi opita ku lipoti, ndipo pochonga muzilemba mtundu wa cholakwa pambali pa dzina la mwana aliyense, chifukwa magulu aja atuluka m'ndandanda umenewo.